Kalata Yokhomedwa Pansi pa Malemu Likoswe

1.

Mapini anayi. Awiri kumwamba, awiri kumunsi.

Zelifa anakhoma kalata ija pa bolodi la zidziwitso la pa bekale yophika buledi, molunjika bwinobwino monga amakhomera chilichonse. Kenaka anatenga pepala la chipepeso cha malemu a Likoswe, lija lalikulu lokhala ndi chithunzi chawo, n'kulipachika pamalo pake. Pamwamba pa kalatayo. Linaiphimba yonse, osasuzumira ndi ngodya yomwe.

Bwana Magombo, mwini bekale, anali ataima pakhomo la ofesi manja ali m'matumba.

Yakhomedwa?

Yakhomedwa, bwana.

Pa bolodi?

Pa bolodi.

Basitu. Mgwirizano ukuti ikhomedwe pa bolodi. Sukunena zoti pamwamba kapena pansi.

Linali Loweruka. Tsiku loyamba.

2.

Mgwirizano wa eni bekale ndi ogwira ntchito. Ndime 14.

Olemba ntchito akalephera kupereka ndalama ku Thumba la Chithandizo cha Kuchipatala kwa miyezi itatu, a Thumba adzalemba kalata ya chenjezo.

Kalatayo idzakhomedwa pa bolodi la zidziwitso kwa masiku 21.

Ogwira ntchito awiri mwa atatu aliwonse akaisaina n'kuibweza ku ofesi ya Thumba ku Limbe isanakwane 12 koloko ya tsiku lomaliza, chithandizo chidzapitirira, ndipo a Thumba adzatengera olemba ntchito kukhoti.

Akapanda kusaina, ndiye kuti avomereza. Chithandizo chidzaima tsiku lomwelo.

Zelifa anaiwerenga kanayi ndimeyi atadzitsekera m'chimbudzi cha ku ofesi. Kachinayi m'pamene anamva kuzizira m'mano. Ogwira ntchito pa bekale alipo 39. Awiri mwa atatu aliwonse ndi 26. Nanga munthu angasaine bwanji kalata imene sanaione?

3.

Zaka zake makumi awiri. Fomu 4 anaimaliza chaka chatha. Ntchito waigwira miyezi iwiri, yoyesedwa, mwezi wachitatu ukatha ndi pamene bwana adzanene ngati akhale kapena azipita. Nyumba ya lendi ku Bangwe, imene akukhalamo ndi amayi ake odwala miyendo, ikuima pa malipiro amenewa.

Ntchito za kalaliki:

kulandira makalata
kupanga tiyi wa bwana, shuga masipuni atatu
kutayipa masilipi a malipiro
kupita ku Limbe Lachisanu lililonse ndi chikwama cha makalata
kukhoma zidziwitso
kusaona
kusamva

Pa silipi iliyonse pali mzere wolembedwa Thumba la Chithandizo, ndipo pambali pake ndalama imene munthu wadulidwa. Mzerewo amautayipa yekha Zelifa. Ndalamazo zimadulidwadi. Koma ku Thumba zinasiya kufika miyezi inayi yapitayo.

A ku uvuni amamutchula kuti madamu a mu ofesi. Amamuwerengera mbali ya bwana. Iyenso ankadziwerengera komweko, popeza iye yekha ndiye savala epuloni.

4.

A Likoswe ankayendetsa galimoto yogawa buledi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anagwa mwezi watha akutsitsa makileti ku golosale, osadzukanso.

Pa bekale imeneyi pali mwambo wake. Munthu akamwalira, pepala la chipepeso limapachikidwa pa bolodi, cholembera chili lende pa chingwe, ndipo aliyense amabwera nthawi yake kudzalemba dzina ndi kangachepe kamene wapereka. Pepalalo salichotsa. Salisuntha. Salitembenuza. Amadzalichotsa ndi wamasiye yekha, ndi manja ake, tsiku lodzalandira chipepesocho. Amati amene walisuntha ndiye wotsatira.

Bwana Magombo mwambowu amaudziwa.

Zelifa analisuntha.

Pepala lili pansi pa pepala.

5.

Kuseri kwa bekale, pa makileti opanda kanthu, nthawi ya nkhomaliro. Fanuwelo wa ku uvuni, wamtali, ufa mpaka m'nsidze, akunyema banzi lotentha n'kumupatsa Zelifa mbali yaikulu.

Akalaliki, idyani. Mu ofesimo mumadya mapepala, n'chifukwa chake mukuonda.

Wakuuza ndani kuti ndikuonda? Diso lomwelo?

Diso limeneli musaliseke, mayi. Kwatsala masabata atatu, likabadwanso mwatsopano.

Chaka chatha waya wa thileyi yophikirapo buledi unaduka n'kumulasa diso lamanzere. Kuyambira pamenepo kamtambo koyera kakhala kakukula pa mboni, pang'onopang'ono, ngati mkaka wodontha m'tiyi. Dokotala wa maso anamupatsa tsiku la opaleshoni, Lachiwiri, ndipo anamuuza mosapsatira kuti akadumphitsa limeneli diso lizima, ndipo lozima sayatsa. Mtengo wake ndi wogulira puloti.

Ndiye ulipira ndi chiyani?

Zelifa anafunsa akudziwa yankho. Mwina ankafuna amve kupweteka kwake.

A Thumba, Zeli. Zaka zisanu akundidula. Ndinalima, pano ndikolole.

Zelifa anawerengera mumtima. Masiku 21 akutha Lachisanu. Opaleshoni ndi Lachiwiri lotsatira. Masiku anayi okha pakati, kamtsinje koti mwana n'kudumpha, koma Fanuwelo akafika kutsidya atagwira khadi la Thumba lakufa.

6.

Kwatsala masiku 17.

Zelifa sanabe kanthu. Iye anangokhoma.

7.

Tseka chitseko, mwana wanga. Khala pansi. Ukundiyang'ana ngati ndine fisi, koma ine ndinayamba bekale ino ndi uvuni umodzi wa njerwa iwe usanabadwe. Ufa wakwera kangati chaka chino? Dizilo? Magetsi akazima jenereta imamwa madzi? Ndalama zawozo sindinadye, zili m'buledi yemwe akuphikayo. Ndidzabweza zinthu zikayera. Koma a Thumba akandikokera kukhoti atenga mauvuni, ndipo anthu 39 akakhala panyumba kumaotha dzuwa. Ukufuna zimenezo zikhale pamutu pako? Chaka chatha panali awiri pano, pakamwa ngati wailesi, ankafunsa za maovataimu. Wina akuphwanya miyala ku Nguludi. Winayo sindidziwa. Iwe ndiwe wanzeru. Lolemba lililonse pa geti pamaima atsikana angati atagwira masatifiketi m'mapulasitiki? Wawerengapo? Ine ndimawerenga. Tiyi wazizira uyu, kapange wina.

8.

Amalota masana Zelifa, zala zili pa makina otayipira, amalota kanyumba ka zipinda ziwiri kumtunda kwa phiri komwe mphepo imanunkhira bulugamu, makatani achikasu, Fanuwelo akubwera kuchokera kuntchito atanyamula buledi wopindika amene sagulitsika ndipo iye akumusasa ufa m'tsitsi pakhomo anthu akuona, asiyeni aone, ukwati wa pa tchalitchi osati wongolowana, diresi la manja aatali, amayi ake atakhala kutsogolo miyendo itapola, ndipo zonsezi azifuna chaka chino, osati chaka chamawa, watopa ndi kudikira, moyo wonse wakhala akudikira zotsatira za mayeso, kudikira ntchito, kudikira mwezi uthe, ndipo m'malotomo Fanuwelo akutembenuka pa guwa kuti amuveke mphete koma akutembenukira mbali yolakwika, akumufunafuna ndi dzanja m'malere, diso lamanzere layera lonse ngati dzira lophika, ndipo akufunsa pamaso pa mpingo wonse ndi mawu ake ofatsa aja, Zeli, anakhoma kalata ija ndani

9.

Zenera la ofesi limayang'ana pa bolodi. Bwana akakhala pa mpando wawo amaona msana wa aliyense woima pamenepo. Zelifanso amaona.

Ndipo anthu sakutha pa bolodi. Wina m'mawa, wina masana, wina poweruka. Kuima, kugwira cholembera cha pa chingwe, kuwerama, kulemba, kuchoka mutu uli pansi. A Likoswe anali munthu wa anthu, chipepeso chawo chikungobwerabe. Munthu aliyense akaima pamenepo mtima wa Zelifa umaima naye limodzi. Kamphepo kakangolowa pa khomo. Chala chikangotsetsereka.

Mayi Nachisale, okulunga buledi, zaka makumi awiri pa tebulo lomwelo, anamupeza pa mpopi akutsuka kapu ya bwana.

Madamu a mu ofesi! Tsukani bwino, mungasiye banga, bambo anu angadwale.

Si bambo anga, mayi.

Ohoo? Ndimayesa. Nanga mwana wathu wa ku uvuni uja mukumutani? Mukumukonda, kapena mukungomudyera mabanzi?

Amayi inunso.

Ndikufunsatu. Ife timafuna tidziwe kuti mpongozi wathu amagona mbali iti ya khoma.

Anaseka okha, n'kumapita akukwekweza masilipasi. Koma maso awo sanaseke.

10.

Kwatsala masiku 11.

Iwe Zelifa. Njira zimene waganiza:

kulemba kakalata kopanda dzina, koma zilembo zako amazidziwa bekale yonse
kugwetsa pepala la malemu ngati mwangozi, koma zenera lili ndi maso
kuimbira a Thumba, koma iwo akufuna mayina 26, osati misozi ya kalaliki
kuuza Fanuwelo

Kuuza Fanuwelo. Uyamba bwanji? Kuti wokondedwa, diso lako ndinalikhoma ndi mapini anayi?

Sunabe kanthu. Unangokhoma.

Pepala lili pansi pa pepala.

11.

Poweruka anamuperekeza ku siteji. Fanuwelo amayenda kumanzere kwake nthawi zonse, kuti azimuona ndi diso labwino.

Masiku ano wasowa mawu, Zeli. Wakwiya nane?

Ayi. Mutu basi.

Mutu wa masabata awiri?

Minibasi inadutsa kondakitala akukuwa. Sanakwere. Inadutsa ina.

Pali chimene ukufuna kundiuza?

Mawu anakwera mpaka pa lilime. Anawamva kulemera kwake, kutentha kwake. Anaona amayi ake atakhala pa katundu panja, landilodi akukhoma loko.

Palibe.

Fanuwelo anamuyang'ana nthawi yaitali, osaphethira.

Chabwino, anatero. Ukafike bwino.

Tsiku limenelo sanamutchule akalaliki. Sanamuseke n'komwe.

12.

Tsiku lakhumi ndi chisanu mayi a kwa Likoswe anafika pa geti, atavala zakuda, kamwana kali kumsana. Abwera kudzachotsa pepala la amuna awo.

Bwana anayera milomo.

Pita ukawabweze. Uwauze ndalama sizinasonkhane. Abwere sabata yamawa, Loweruka.

Anapita. Zelifa anagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kunama mawu ali myaa, mwakuti iye mwini anadabwa kuti bodza limatuluka mosavuta chonchi.

Pepani amayi, anthu akadalembabe.

Ndabwereka ya minibasitu, mwananga. Kuchokera ku Thyolo.

Pepani.

Zikomo. Mulungu akudalitseni, mukutisamalira.

Anawapatsa ndalama yake ya nkhomaliro kuti akwerere. Anailandira ndi manja awiri. Zikanakhala bwino akanamutukwana.

Atatembenuka anaona nkhope m'mazenera a ku uvuni. Zambiri. Zonse zinabwerera m'kati nthawi imodzi.

13.

Mantha ali ndi fungo. Yisiti.

Amafufuma. Ukawakanikiza pano atulukira apo.

Kwatsala masiku atatu.

Awiri.

14.

Lachinayi bwana anali wansangala, mpaka kuimba kanyimbo ka kwaya.

Mawa ukabwerako ku Limbe, masana, uichotse ija. Uidinde chidindo, ulembe kuti inakhomedwa masiku 21, palibe anasaina. Ndipo za miyezi itatu yako ija usadandaule. Wakhoza.

Wakhoza. Mawu amene wakhala akuwadikira.

Pa nkhomaliro Fanuwelo anamuonetsa kachikwama kamene wagula pa kaunjika, kopita nako kuchipatala. Thaulo, mswachi, malaya oyera.

Akuti ndikabwere ndi wondiyang'anira. Ndalembetsa dzina lako.

Langa? Bwanji osalemba achemwali ako?

Ndalemba lako.

Fanu, nanga zitati zavuta? A Thumba atati akana?

Akanirenji?

Anafunsa mofatsa, akunyema banzi, osamuyang'ana. Ndipo anadikira. Zelifa anamva kudikirako ngati dzanja pa phewa.

Belu linalira.

15.

Lachisanu. 9 koloko. Chikwama cha makalata chili paphewa, makalata a bwana ali m'kati, a ku banki, a kwa ogulitsa ufa.

Njira ya ku geti ndi kumanja. Miyendo inapita kumanzere.

Sanaganize. Akanaganiza sakanapita. Ankangodziwa kuti achotsa pepala la malemu, akuwa mpaka a ku uvuni atuluke, awerenga kalatayo mokweza, ndipo ngakhale nthawi yatha, ngakhale anthu 26 sangapezeke m'maola atatu bwana ali chiimire pamenepo, Fanuwelo amve kuchokera pakamwa pake, osati pa kauntala ya chipatala.

Pepani a Likoswe. Ngati wotsatira ndi ine, ndi ine.

Anakweza pepala.

Kalata inali pomwe anaisiya, yolunjika, mapini anayi. Koma inali itada. Zala za ufa, zala za mafuta, m'mbali monse. Ndipo kumunsi, m'mizere imene anaisiya yoyera, munali mayina. Ena opendekeka, ena onjenjemera, awiri a chala chodinda ndi inki ya cholembera.

Woyamba, E. Nachisale. Wachiwiri, Fanuwelo.

Anawerenga ndi chala. Anabwerezanso.

25.

16.

Ife a ku uvuni, ife okanda, ife okulunga ndi onyamula makileti, tinadziwa tsiku lachiwiri.

Mayi Nachisale ndiwo anatulukira. Anapita kukalemba chipepeso, cholembera n'kumira mofewa. Munthu amene wakulunga buledi zaka makumi awiri amadziwa ndi chala ngati pepala lili limodzi kapena awiri. Anapempha malemu awakhululukire, n'kusuzumira. Amene anakhoma sitinachite kufunsa. Ndani wina pa bekale pano amakhoma zinthu molunjika chonchija?

Tinagwirizana monong'ona, makina okandira akulira. Mmodzimmodzi. Msana ku zenera. Dzanja lamanzere likweze ngodya, lamanja lilembe. Bwana aziona anthu olira mnzawo. Aliyense wa ife anasuntha pepala la malemu, aliyense anapita kwawo akudziyesa wotsatira. Ena anakana, ali ndi ana, sitiwada. Ena ndi abale a bwana, sitinawauze. Tsiku limene anabweza mayi a kwa Likoswe pa geti tinali 17 okha, ndipo pepala likanachoka tsiku limenelo tikanathera pomwepo. Tinapuma. Kenaka tinachita manyazi kuti tapuma.

Tinafika 25 Lachitatu. Pamenepo tinaima. Linasowa dzina limodzi, inasowanso miyendo, chifukwa pa bekale pano amene amatuluka pa geti nthawi ya ntchito osafunsidwa ndi mmodzi yekha.

Timuuze, ena anatero. Mayi Nachisale anakana. Mwana ameneyu sitikumudziwa. Akakanena ku ofesi kalata ipita m'thumba la bwana, ndipo mayina athu ali pomwepo. Tinayang'ana Fanuwelo, popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye anati, musamuuze, ndipo musamukakamize. Abwera yekha. Tinati, iwe, chikondi chakuphimba ndi diso linalo? Ukubetcha diso chifukwa cha mtsikana? Anati, diso ndi langa.

Masiku onsewo tinkamuona akuuma ngati chinangwa cha padzuwa. Iye kutiopa ife, ife kumuopa iye.

Ndiye lero, 9 koloko, tonse tili pa mazenera. Tikumuona msana. Waima nthawi yaitali, pepala la malemu lili m'mwamba. Akuwerenga ndi chala. Fanuwelo wagwira chitsulo cha chitseko, sakupuma.

Dzina lake nalonso lili pa masilipi. Amadulidwa ngati ife. Kaya anali asanaganizepo.

Watenga cholembera.

Walemba.

Akuzula mapini ndi zikhadabo, imodzi yagwa, sakuitola. Wapinda kalata, waiika m'chikwama pakati pa makalata a bwana. Wasalaza pepala la a Likoswe ndi chikhatho. Akuyenda. Sakuthamanga.

Zenera la ofesi latseguka.

Zelifa! Watenga chiyani pamenepo?

Akuyendabe.

Zelifa! Ukatuluka geti limenelo usabwerenso!

Waima. Mayi Nachisale agwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mtsikana wawerama, wavula nsapato zake za mu ofesi zija, wazigwira m'manja. Mlonda, amene dzina lake ndi lachisanu ndi chinayi pa kalatayo, watsegula kale geti, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Wathamanga.

Kumsewu minibasi yaima. Chitseko chatsekeka. Kuno buledi akupserera m'mauvuni onse atatu ndipo palibe akusuntha. Mayina athu 26 ali pa ulendo wa ku Limbe, pamiyendo pa mtsikana wosavala nsapato amene ntchito yamuthera pa geti, ndipo bwana Magombo atuluka mu ofesi, aima pakati pa bwalo, akutembenuka pang'onopang'ono kutiyang'ana.